Phewa likundipweteka, kodi chigongono chizikhala pati potembenuza mkono?

Chikondi wa ku Ndirande: Abale mwaswera bwanji pagulu pano. Ndili ndi vuto la phewa lakumanja, papita masabata atatu tsopano. Likumapweteka ndikamakankha bench (kukankha chitsulo nditagona chagada pa benchi), ndikamavala jekete makamaka pobweza mkono kumbuyo, nde usiku ndikagonera mbali imeneyo ndikumadzidzimuka. Mnzanga wina ku jimu anandiuza kuti ndizipanga zotembenuza mkono zija, ndimaimirira nditagwira dumbbell ya 7.5kg chigongono nditapinda nkumapititsa dzanja kunja ndi mkati ngati chitseko. Ndapanga masiku 10 koma palibe chikusintha ndipo pomwe pakumatentha ndi pa biceps, mnofu wakutsogolo kwa mkono, osati paphewa. Ndikulakwitsa pati?

Madalitso: Pepani achimwene. Ineyo ndimapanga chimodzimodzi ndisanayambe chest, ndimaona ngati nzabwinobwino

Sisi wa Fizio: aChikondi pepani ndi phewalo. Yankho mwalinena nokha, pakutentha pa biceps chifukwa ndi biceps yomwe ikugwira ntchito. Taganizani, chitsulo chimakokera pansi basi, sichikokera m'mbali. Inu mwaima, mwapinda chigongono, dzanja likuyenda chopingasa kumanja kumanzere, nde kutembenuzako palibe chomwe chikukukanizani, mnofu womwe ukuvutika ndi womwe ukuletsa chitsulocho kugwa pansi. Masiku 10 onsewo mwakhala mukulimbitsa mkono wakutsogolo. aMadalitso nanunso chimodzimodzi.

Ngati muli ndi dumbbell yokha gonani cham'mbali, phewa lodwalalo likhale pamwamba, chigongono chipindike ngati kona ya buku chitagunda m'nthiti, dzanja liyambire pamimba nkumakwera kuloza kudenga. Pamenepo nde chitsulo chikukana zomwe mukufuna kuchita. Ndipo 7.5kg iikeni kaye pambali, yambani ndi botolo la madzi la 1 lita

Chikondi wa ku Ndirande: Botolo la madzi sisi? Ine bench ndimakankha 80kg tu

Sisi wa Fizio: Ndikudziwa, koma bench imakankhidwa ndi chifuwa, triceps (mnofu wakumbuyo kwa mkono) ndi mbali yakutsogolo ya deltoid (mnofu wokuta phewa), minofu ikuluikulu. Tikunena panoyi ndi ing'onoing'ono ili mkati, ilipo 4 ndipo yonse pamodzi amaitchula rotator cuff. Imachokera pa fupa lophwatalala lija la kumsana, scapula, nkukagwira mutu wa fupa la mkono. Supraspinatus ili pamwamba, imathandiza kukweza mkono. Infraspinatus ndi teres minor zili kumbuyo, ndizo zimatembenuzira mkono kunja. Subscapularis ili kutsogolo kwa scapula, pakati pa fupalo ndi nthiti, imatembenuzira mkati.

Phewa si ngati chiuno. M'chiuno mutu wa fupa unalowa mu kabowo kakuya, koma paphewa kambale kake nkosaya, mutu wa fupa ndi waukulu kuposa pomwe wakhalapo, zili ngati lalanje pa kasosala. Chomwe chimaligwira kuti lisaseleleke mukamakweza mkono ndi minofu 4 imeneyi. Mukanyamula zolemera kwambiri thupi silikana ayi, limangoitana akuluakulu, deltoid ndi trapezius (mnofu wa pakati pa khosi ndi phewa) alowererapo, msana upindika pang'ono, chitsulo chikwera ndithu koma amene mumafuna kumulimbitsa uja wangokhala

Kochi wa volleyball: Ndawerenga zonse ndipo zoti kuimirira ndi dumbbell nkutaya nthawi ndikugwirizana nazo. Koma sisi pa zogona cham'mbalizo ndili ndi mafunso. Ine ndakhala ndi ana a volleyball zaka zambiri, palibe mwana amamenya spike, mpira womenya mwamphamvu atadumpha uja, chigongono chili m'nthiti, mkono umakhala m'mwamba, chigongono molingana ndi phewa, dzanja labwerera kumbuyo kwa khutu. Ngati mnofu ukufunika kugwira ntchito pamenepo bwanji tikuuphunzitsa pansi? Ine ana anga ndimawamangirira chubu cha njinga pa pholo ya neti, akweze chigongono madigiri 90, azikoka chobweza kumbuyo. Zogona pa mkeka ndimaona ngati nza odwala a kuchipatala

Sisi wa Fizio: Akochi simunalakwe, ndipo chubu cha njinga ndi chida chabwino kwabasi, ine odwala ambiri ndimawapatsa chomwecho chifukwa malamba ogula aja ndi odula komanso sachedwa kuduka. Koma malo awiriwa sagwira ntchito imodzi, nde tiwasiyanitse.

Mu 2004 Mike Reinold ndi anzake, mmodzi mwa iwo Kevin Wilk, omwe panthawiyo anali ku Birmingham ku Alabama, ku America, anthu omwe amasamala kwambiri mapewa a oponya baseball, anayeza nkhani yomweyi. Anatenga anthu 10 abwinobwino nkuwabaya timawaya topyapyala m'minofu kuti aone mphamvu ya magetsi yomwe mnofu uliwonse ukutulutsa, imeneyo ndiyo EMG, nkuwapangitsa masewero 7 otembenuza mkono kunja. Kugona cham'mbali ndi komwe kunadzutsa kwambiri awiri akumbuyo aja, infraspinatus inafika 62% ya mphamvu yake yonse, teres minor 67%. Pomwe munthu atagona chafufumimba nkukweza mkono m'mbali cha ku madigiri 100 chala chachikulu chikuloza m'mwamba, amene anakwera ndi ena, supraspinatus 82%, deltoid yapakati 87%, yakumbuyo 88%.

Nde mukuona, mkono ukangochoka m'nthiti nkukwera, pamakhala ntchito ziwiri, kuugwira kuti usagwe ndi kuutembenuza. Deltoid ndi supraspinatus zimalowa chifukwa cha ntchito yoyambayo. Kwa ana anu omwe mapewa awo ali bwino zimenezo nzofunika ndithu chifukwa m'bwalo minofu yonse imagwirira limodzi. Koma aChikondi phewa likuwadzutsa usiku, tikawakwezera ku 90 lero tikhala tikukanda pachilonda

Kochi wa volleyball: Chabwino, koma nde mukutanthauza kuti ana anga akutaya nthawi?

Sisi wa Fizio: Ayi ndithu. Ndikutanthauza kuti mwina mwalumpha sitepe. Mwana amene kumbuyo kwa phewa kuli kofooka mukamuika pa 90 amabera, muwaone mawa, ena amakweza phewa kufika kukhutu, ena chigongono chimatsika akamakoka, ena amapinda msana mimba nkutuluka. Ameneyo abwerere pansi kaye masabata angapo. Pali malo apakatinso omwe anthu amawaiwala, mkono utakwera cha ku 45 ndipo osati m'mbali mwenimweni koma utabwera kutsogolo pang'ono, cha ku madigiri 30, chifukwa scapula sinagone chopingasa pamsana, inapendekera kutsogolo potsata nthiti. Mkono ukakhala mu mzere umenewo mutu wa fupa umakhala bwino pa kambale kake ndipo zomangira za kutsogolo sizikokeka kwambiri. Munthu atha kukhala pampando, chigongono nkutsamira patebulo kutsogolo cham'mbali, nkumatembenuza

Yamikani ku Joni: Ndilowepo pamenepa chifukwa ine 90 imeneyo ndinaiona. Ndinali goloboyi wa timu ya anyamata akwathu kuno, tsiku lina ndikudumphira mpira mkono uli m'mwamba munthu anandigunda dzanja nkulibwezera kumbuyo, ndinangomva kuti phu, phewa lachoka m'malo. Linaoneka lakona ngati bokosi, mkono sindimatha kuubweza m'thupi, ndinaugwirira ndi dzanja linali mpaka kuchipatala komwe analibwezera. Patatha miyezi iwiri ndikumva bwino ndinapita ku jimu ina, trainer osandifunsa olo mbiri yanga anandiika pa cable chigongono m'mwamba nkuti bweza kumbuyo mpaka pomwe ungathe. Nditangofika kumapeto thupi lonse linachita mantha, ndinamva ngati fupa likufuna kutulukira kutsogolo, ndinangosiya handle ija inakamenya chitsulo. Sindinabwererenso kumeneko. Nde akochi muziwafunsa anawo ngati phewa linayamba lagulukapo

Sisi wa Fizio: Zikomo aYamikani, zimene mwafotokozazo ndi zomwe ife timayeza dala kuchipatala. Timamukweza munthu mkono 90 nkuutembenuzira kunja pang'onopang'ono tikumuyang'ana nkhope, akachita mantha kapena kukaniza timadziwa kuti kutsogolo kwa phewa nkotayirira. Mapewa ambiri omwe amaguluka amagulukira kutsogolo ndipo amagulukira pamalo omwewo, mkono m'mwamba dzanja kumbuyo. Komanso munthu akaguluka ali wachinyamata mwayi woti libwereza ndi waukulu. Anthu ngati inu timafika nanu ku 90 ndithu chifukwa goloboyi sangaithawe, koma kumapeto kwa ulendo, ndipo timayamba chigongono chili kutsogolo pang'ono osafika nacho kumapeto kwa kutembenuka

Kochi wa volleyball: Apa nde mwandigwira. Ndili ndi mtsikana mmodzi wa Fomu 3 amene amadandaula kuti mkono umafa akamenya mwamphamvu, ndimangoti ndi ulesi wa pa training. Ndiyankhula ndi makolo ake apite akamuone

Sisi wa Fizio: Chonde teroni akochi, ndipo spike ayambe waisiya kaye mpaka amuone

Madalitso: Sisi nanga zoika thaulo kukhwapa ndimaona anthu akupanga nzachani? Ndimayesa nza thukuta

Sisi wa Fizio: Si za thukuta ayi. Mumapinda thaulo kukhala ngati mpukutu wonenepa ngati chibakera nkuliika pakati pa chigongono ndi nthiti. Choyamba ndi mlonda, chigongono chikangothawa m'thupi thaulo limagwa nde mwadziwa kuti mwayamba kukweza mkono m'malo motembenuza. Chachiwiri mukamalipana pang'ono deltoid siipeza mpata wokokera mkono kunja, ntchito imatsalira akumbuyo aja, ndipo pa kuyeza kwa a Reinold kuja ataika thaulo infraspinatus ndi teres minor zinakwerako. Chachitatu ndi nkhani yakale, mu 1970 Rathbun ndi Macnab anaonetsa kuti mkono ukakanikizika m'thupi, mtsempha wa supraspinatus umakokeka pamwamba pa mutu wa fupa ndipo kachigawo kena magazi safikako bwino, ngati mmene mumafinyira nsalu yonyowa. Nde kampata kakang'ono ka thaulo kamaupatsa mpumulo. Musalipane ngati mukufuna kuliphwanya, kungoligwira kuti lisagwe basi

Gift Area 25: Ine ndifunse mosapsatira. Anthu 10 okha, abwinobwino, a ku America, nde tizitengera pamenepo? Komanso kusiyana kwa manambala amenewa munthu angakumve m'thupi? Ndimaona ngati zinthuzi timazikulitsa. Agogo anga alima ndi khasu mpaka zaka 70 sanagonepo cham'mbali ndi botolo

Sisi wa Fizio: aGift funso lanu ndi labwino ndipo mbali ina mukunena zoona. EMG imangotiuza kuti mnofu uwu wayaka kwambiri pa malo awa kuposa awo, siinena kuti munthu achira pa masabata angati, ndipo phewa lopweteka siligwira ntchito ngati la munthu wabwinobwino chifukwa ululu umazimitsa minofu ina. Ine manambalawo ndimawagwiritsa ngati mapu posankha poyambira, kenako amene amandiuza zoona ndi wodwalayo, akabwera sabata yamawa ululu watsika kapena wakwera.

Koma za agogo ndikutsutsani pang'ono. Agogo ambiri omwe amabwera kwa ife mkono sukwera kupyola phewa, amangoti ndi ukalamba, sadandaula chifukwa anazolowera kupirira. Mitsempha ya rotator cuff imatha ndi zaka, ambiri opitirira 60 inang'ambika pang'ono ena osadziwa nkomwe. Komanso khasu silikuika chagada pa benchi ndi 80kg zigongono zitatambasuka kanayi pa sabata. Anyamata a jimu mumalimbitsa zokankha ndi zotembenuzira mkati, chifuwa, lats (minofu ikuluikulu ya m'mbali mwa msana), zonsezo zimakokera mkono mkati, pomwe otembenuzira kunja ndi awiri ang'onoang'ono ndi deltoid yakumbuyo. Mwachibadwa akunja amakhala ndi mphamvu cha ku magawo awiri mwa atatu a amkati, nde inu mukamawonjezera mbali imodzi yokha mpatawo umakula

Gift Area 25: Pa agogo mwanena zoona, malaya amachita kuwaveka masiku ano. Koma ndikhalabe ndi chikaiko changa pa manambala

Chikondi wa ku Ndirande: Nde zotembenuzira mkati ndisiye? Poti mwati chifuwa chikupanga kale

Sisi wa Fizio: Musasiye koma mudziwe chomwe mukufuna. Vuto la kutembenuzira mkati chigongono chili m'nthiti ndi loti chifuwa ndi lats zimalanda ntchito, mutha kukoka chubu cholimba kwambiri subscapularis isanatope nkomwe. Mkono ukakwera ku 90 chifuwa chimachepa mphamvu pa ntchitoyo nde subscapularis imaonekera bwino, koma tanena kale kuti inu ku 90 simunafike. Panopa pangani izi, ikani chikhato pamimba pamwamba pa mchombo, chigongono mubweretse kutsogolo chisagwere kumbuyo, dzanja likhale lowongoka, nde dinikizani mimba masekondi 5 nkusiya. Palinso ina yomwe dokotala wa ku Switzerland Christian Gerber anaifotokoza mu 1991, mumaika kuseri kwa dzanja pamsana cha m'chiuno nkuyesa kulichotsa pamsanapo kupita kumbuyo. Amene subscapularis inaduka sangathe. Koma inu mwati kubweza mkono kumbuyo povala jekete kukupweteka nde imeneyo musaikakamize

Anaphiri: Ana anga ndiloleni nane ndifunse ngakhale sindinyamula zitsulo, anandilowetsa pagulu pano ndi mwana wanga chifukwa cha zoyenda m'mawa. Ndine mphunzitsi wa pulayimale zaka 52, phewa lakumanzere linayamba kuwawa chaka chatha, pano kulemba pamwamba pa bolodi ndi dzanja limenelo sindingathe, kumanga mpango kumutu ndimavutika, olo kumanga chitenje kumbuyo. Ndayesa pompano zomwe mukunenazi, chigongono m'nthiti, dzanja langoyenda pang'ono nkuima ngati lagunda khoma. Ndili ndi shuga. Kodi botolo lija lingandithandize?

Sisi wa Fizio: Amayi zikomo pofunsa. Chitani ichi, gonani chagada, mwana wanu agwire dzanja lanu inu mutalekerera osalimbitsa, ayese kulitembenuzira kunja pang'onopang'ono, kenako ayese mkono winawo mufananize. Likaima pomwepo olo wina akukuyendetsani, vuto si kufooka kwa mnofu, ndi thumba lomwe linakuta mfundo ya phewa lomwe lauma nkukhwinyata, timati frozen shoulder. Imakonda anthu a zaka 40 mpaka 60, amayi kwambiri, ndipo odwala shuga imawagwira kuposa ena. Chizindikiro chake chachikulu ndi chomwecho, kutembenuzira kunja ndi komwe kumayamba kutsekeka. Botolo silitsegula zimenezo. Pitani kuchipatala akuoneni, mwina ajambule kuti atsimikize kuti si mafupa akutha, akuonetseni zowongola zoyenera, ndipo shuga akhale m'malo mwake chifukwa zimayendera limodzi. Imatenga nthawi, chaka kapena kupitirira, koma ambiri amapeza bwino. Musalole munthu akukokeni mkono mwamphamvu kuti authyole uwongoke

Anaphiri: Tayesa ndi mwana wanga, laima pomwepo ndithu pomwe lakumanja likufika mpaka kugunda matilesi. Ndipita Lachiwiri ndi tsiku langa la shuga lomwe. Ambuye akudalitseni mwana wanga

Yamikani ku Joni: Mupite ndithu amayi musazengereze

Kochi wa volleyball: Sisi ndibwerere pa ana anga. Ndikaika dongosolo loti masabata oyamba a season onse ayambe chigongono m'nthiti ndi thaulo, kenako 45, kenako 90, zikhala bwino? Ndipo kangati?

Sisi wa Fizio: Zili bwino akochi koma musawasamutse ndi kalendala, muziwasamutsa ndi maso. Amene akutha ma seti 3 a 15 phewa osakwera kukhutu, chigongono osathawa, ndipo akubweza chubu pang'onopang'ono osachilola kuti chimukoke, ameneyo akwere. Kubwezako ndi kofunika kwambiri kwa inu chifukwa mwana akamenya mpira mkono umathamangira kutsogolo ndi mkati, amene amagwira mabuleki ndi infraspinatus ndi teres minor, akugwira ntchito uku akutalika. Nde powerenga, kukoka 1, kubweza 3. Katatu pa sabata nkokwanira. Ndipo akafika pa 90 musataye ya pansi ija, ikhale yotenthetsera thupi. A netball ndi oponya nthungo ku sukulu kwanuko nawonso muwaganizire

Kochi wa volleyball: Ndalemba. Chubu ndizidula m'litali kuti ena akhale ndi chopyapyala, chifukwa chathunthu ana a Fomu 1 chimawakanika

Madalitso: Ine ndayesa pa cable lero m'malo mwa dumbbell, pulley ndinaiika molingana ndi chigongono, plate imodzi yokha koma kumbuyo kwa phewa kunayaka

Sisi wa Fizio: Eya, chifukwa chingwe chikukokera m'mbali, komwe mukulimbana nako. Mungoonetsetsa kuti thupi lisatembenuke limodzi ndi mkono, mchombo uziloza kutsogolo nthawi yonse

Chikondi wa ku Ndirande: Abale ndabwera ndi lipoti, papita masiku 6. Ndikumagona pamkeka, pilo kumutu, thaulo kukhwapa, botolo la 1 lita. Tsiku loyamba ndinafika 12 mkono unayamba kunjenjemera, pakutentha ndi kumbuyo pansi pa kafupa kopingasa ka pa scapula, malo omwe sindinawamvepo chiyambire jimu. Ndinayesanso mkono wakumanzere kuti ndifananize, unafika 20 osavuta, nde kusiyana kulipo ndithu. Thaulo linagwa kawiri tsiku loyamba pano silikugwa. Bench ndasiya kaye, ndikungopanga miyendo ndi zokoka. Usiku ndadzuka kamodzi kokha sabata ino koma jekete likupwetekabe

Sisi wa Fizio: Mwayamba bwino aChikondi. Jekete lichedwa, yambani kulowetsa mkono wodwalawo kenako wabwinowo. Khalani pa botolo lomwelo mpaka wakumanja ufike 15 katatu osanjenjemera, kenako mupite pa 1.5 kapena 2 lita. Ululu pang'ono popanga si vuto bola uzitha pofika mawa lake, ukagona mpaka mawa mwachulutsa. Koma mukaona mkono ukukanika kukwera, kapena dzanzi likutsika mpaka ku zala, kapena pakatha masabata 6 palibe kusintha, musadikire gulu lino, pitani akakuoneni ndi manja

Chikondi wa ku Ndirande: Ndamva sisi. Nanga bench ndikadzabwerera ndidzayambire pa zingati, ndipo zigongono ndiziika motani poti ndimazitambasula kwambiri?

Sisi wa Fizio: Mudzayambe ndi bar yopanda kanthu, zigongono zibwere cha ku 45 kuchoka m'nthiti osati molingana ndi mapewa, manja muwayandikizeko pang'ono, ndipo masabata oyamba mukankhire pansi pa floor kuti zigongono zizigunda simenti zisanapitirire kumbuyo kwa thupi. Mudzatumize video tikakuoneni mbali yakumanjayo